Tsitsi Langa ndi Chitsulo Chakuda cha M'bafa

Ine tsitsi langa sinditaya paliponse. Amayi anandiuza ndili kamtsikana kuti lotsalira pachipeso uzilikulunga pachala, ulimange mfundo, ukaliponye m'chimbudzi, chifukwa wofuna kukuchita chipongwe amayambira patsitsi. Zaka zonse ndakhala muno mu Kanyama ndachita zomwezo.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, uja amagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, anakwirira chimbudzi chakale n'kumanga bafa la shawa pambali pake. Ndiye akuti, "Amama, tiyeni ku tauni mukasankhe mweka chitsulo cha popita madzi."

Ine ndinkadziwa kabowo kozungulira basi. Koma wogulitsa m'sitolomo anatiyalira zitsulo zazitali ngati mkono, zowonda, mpata umodzi kuchokera uku mpaka uko. China chonyezimira ngati supuni, china chakuda bii.

"Ambuya, tengani chonyezimira," anatero wogulitsayo. "Chakuda chionetsa sopo, muzalema kusuka."

Ndinapisa chala m'duku, ndinazula imvi imodzi. Kuiika pa chonyezimira, inasowa. Kuiika pa chakuda, inaoneka mbee.

"Ichi," ndinatero.

Mwana wanga anaseka. "Amama, kansi muziba fashoni!"

Sindinamuuze chifukwa chake. Ndikatha kusamba ndinkangowerama n'kutola imvi zanga imodziimodzi, mtima uli m'malo.

Kenaka mvula inabwera. Kuno madzi sachokera kumwamba kokha, ena amatumphuka pansi pamwala. Tsiku lina masanasana ndikusamba, chitsulo chija chinayamba kulira khoo, khoo, ngati nkhalamba yokonza pakhosi. Madzi analeka kupita. Ndinamva kanthu kakundikulunga chala cha kuphazi. Kuyang'ana, palibe, kuda kokhakokha.

Ndinagwada n'kupapasa. Ndinagwira, ndinakoka. Tsitsi! Lakuda, lambiri, likungobwerabe ngati ulusi. M'nyumba muno mulibe wa tsitsi lotere: mwana wanga amameta n'kuvala wigi, adzukulu onse ndi a mpala. Nditaliyandikiza kumaso ndinaona timfundo, tokhotera kumanzere. Ine ndine wamanzere. Linali langa, la masiku aja ndinkabwera mu Lusaka ndili mkwatibwi.

Mwana wanga atabwera kuntchito anaitana amene anaika mapaipi. Bamboyo analumbira kuti paipi yake imapita kudzenje latsopano, sikhudzana ndi chimbudzi chakale ngakhale pang'ono.

"Nanga labwera bwanji, losaola?" ndinawafunsa. "Amalisunga ndani?"

Anangotola zipangizo zawo n'kumapita.

Mwana wanga akuti tichotse chakudacho tiike chonyezimira. Ndakana. Pa chonyezimira lakuda ndidzaliona, koma imvi zizindithawa, ndipo wosungayo adzakhala nazo zonse ziwiri.

Tsitsi lija ndinaliyanika, ndinalimanga pansonga ya chitenje, ndipo ndamuuza mwana wanga kuti ndikadzamwalira adzaliike m'bokosi langa, pansi pamutu. Imvi ndimatolabe. Koma masiku ano ndisanatsegule madzi, ndimayamba ndayendetsa phazi pachitsulopo, kuchokera uku mpaka uko.