Amayi Anagona Kunja kwa Waya

Amayi sanali munthu wopemphapempha. Chimene ankabwereza, makamaka atayamba kudwaladwala, chinali chimodzi chokha: akadzamwalira tidzawaike pafupi ndi amayi awo, pansi pa muwanga waukulu wa kumanda akwathu. Ankanena akuswa mtedza pakhonde, osakweza n'komwe mutu. Ife tinkawaseka kuti akuthamangira kuti, koma aliyense pabanja pathu ankadziwa kuti malo a pambali pa agogo ali ndi mwini wake.

Kwathu n'kumudzi wina kuseri kwa Mitundu, ngakhale ine ndimaphunzitsa pa pulayimale ina ku Nathenje. Zaka zingapo zapitazo kunabwera bungwe lofufuza za mankhwala. Linamanga nyumba zake zoyera pamalo pamene kale panali esiteti ya fodya, moyang'anizana ndi mudzi wathu. Ntchito yawo ndi kuyesa mankhwala atsopano a malungo a ana. Poyamba anthu ankanong'onezana kuti abwera ndi anamapopa, koma atangotiikira mpopi kunja kwa mpanda wawo, mphekeserazo zinaphwa msanga, ndipo amene ankazifalitsa ndi amene ankalawirira ndi zigubu. Ndinene chilungamo, anthuwa anatithandiza. Mwana akatentha thupi sitinkafunanso kabaza wopita kutali. Msuweni wanga, mwana wa atsibweni, anapezako ntchito yokolopa, n'kufolera nyumba yake ndi malata.

Manda athu ali kumapeto kwa malo awo. M'dera lonselo ndi pokhapo pamene patsala mitengo yachilengedwe, chifukwa ina yonse inathera ku zigafa za fodya ndi ku makala. Kumanda anthu ankaopa kudulako mtengo, koma mantha nawonso amatha, ndipo anyamata ena anali atayamba kugwetsa ya m'mphepete. Bungwelo linali ndi mayi wina woona zachilengedwe, munthu waulemu wochokera mumzinda. Iye atafika pamalopo sanaone manda kwenikweni, anaona nkhalango. Anajambula mbalame, n'kukhoma timalata pa mitengo tolembapo mayina achilendo. Muwanga unalandira dzina lalitali loluma lilime, pamene agogo pansi pake analibe ngakhale mtanda wolembedwa.

Kenaka mayiyo anaitanitsa msonkhano wotiuza kuti akufuna kuzinga mitengoyo ndi waya, n'kuilumikiza ku mpanda wawo kuti itetezeke. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene ndi mwini mbumba kwathu, anaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga maliro akagwa tizitani?"

"Musadandaule bambo," anayankha mayiyo. "Kiyi azikhala kwa alonda. Mukangonena, azikutsegulirani."

Anthu anaomba m'manja. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ena anatero pobwerera. Ndipo poyamba zinkayendadi choncho. Koma mayi uja anasamuka, kunabwera bwana wina, alonda akale anachotsedwa n'kubwera a kampani ina. Tinadzamva pambuyo pake kuti mlonda wina analowetsa anthu otola nkhuni, ndiye bwana watsopanoyo analanda kiyi n'kukamusunga mu ofesi. Palibe anatiuza. Nthawi imeneyo m'mudzi simunagwe maliro, choncho palibenso amene anapita kukagwedeza chipata.

Amayi anamwalira Lachisanu, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Lolemba lake linali tchuthi cha tsiku la anakubala, ndipo mpaka lero tsikulo likafika ine wailesi ndimazimitsa. Loweruka m'mamawa adzukulu, anthu okumba manda, ananyamula makasu awo. Posakhalitsa mmodzi anabwerera, n'kugwada pafupi ndi atsibweni kuwanong'oneza kuti pachipata pali loko.

Ndinapita nawo limodzi atsibweni ku geti yaikulu. Mlonda amene tinamupeza anali wachilendo, ndipo atamva kuti ndi zovuta anavula chipewa.

"Pepani akuluakulu, kiyi sakhala kuno. Ali mu ofesi ya abwana, ofesiyonso ndi yokhoma."

"Aimbireni," ndinatero.

Foni ya abwana inali yothima. Anaimbira wachiwiri wawo, amene anayankha ali paukwati, ng'oma ndi nthungululu zikumveka kumbuyo. Mlondayo anandipatsira foniyo. Bamboyo anapepesa bwinobwino, n'kunena kuti abwana apita kwawo kutchuthi ndi makiyi a ofesi. Anawonjeza kuti ngakhale kiyi akanapezeka, masiku ano kukumba pafupi ndi mitengo ikuluikulu kumafuna chilolezo, chifukwa makasu amadula mizu.

"Mizu imeneyo yakhala ikudya abale athu kuyambira inu musanabadwe," ndinamuuza. "Sinadandaulepo."

Kenaka anafunsa kuti, "Mayi, simungadikireko mpaka Lachiwiri?"

Ndinamubwezera mlonda foni yake chifukwa mawu amene anafika pakamwa panga sanali a mphunzitsi. Munthu wa ku Malawi konkuno, woti nayenso anaikapo abale ake, kufunsa ngati mtembo ungadikire mpaka Lachiwiri m'nyumba ya malata, mu Okutobala. Kusiwa amayi a mpingo anali atayamba kale kukupiza ndi zitenje. Anthu anali atadzaza bwalo, ena ochokera ku Malingunde kwa abambo, ufa ukutha m'malichero.

Ndinawauza atsibweni kuti tidule waya. Wokonza njinga wa pamsika ali ndi pulayala, ntchito yake yosafika n'komwe pokhetsa thukuta. Ndinalankhula mokweza mpaka amayi amene ankatunga pampopi anasiya zidebe zikusefukira. Atsibweni anandikokera pambali.

"Mwana wanga, waya ameneyu tikamudula, mawa kubwera apolisi. Ukufuna mayi ako aperekezedwe ndi apolisi? Msuweni wako ntchito imuthera pomwepo. Ana a m'mudzi muno amalandirira mankhwala m'katimo. Iwe ubwerera ku Nathenje, ife titsala nawo anthuwa."

"Ndiye mlongo wanu mumutaya pamtetete?"

Ndinayang'ana amayi aja pampopi, ambiri a iwo atabereka ana amene mayina awo ali m'kafukufuku. Palibe anandiyang'ana m'maso. Ndinakwiya nawo onse, ndinakwiyanso podziwa kuti sakulakwa.

Mkulu wa adzukulu anabwera n'kunena kuti dzuwa likukwera, tiwalozere pokumba. Kwathu mwini maliro ndiye amaloza malo, ndipo akangoloza, khasu n'kugwa pansi, nkhani yatha. Atsibweni anayenda motsatira waya, ife tili pambuyo, mpaka anafika pangodya ya munda wathu, pamene muwanga umaoneka bwino. Anaima nthawi yaitali atagwira waya ndi dzanja limodzi. Kenaka analoza pansi, kunja. Nthaka yake inali youma gwa, yopanda mthunzi, moti adzukulu ankachita kuthirapo madzi kuti makasu alowe.

Tinawaika amayi madzulo a tsiku lomwelo. Nyimbo zinaimbidwa, abusa analalikira, koma ine sindikukumbukira mawu amodzi. Ndinkangoyang'ana mulu wa agogo kudzera m'mabowo a waya. Ndi pafupi moti munthu wolankhula mwachizolowezi angamveke mbali inayo.

Lachiwiri abwana anabwera okha. Anasiya galimoto patali, anakhala pamphasa, anapepesa monga achitira munthu woleredwa bwino, n'kusiya shuga ndi thumba la ufa. Ndinkafuna adzakhale munthu wamwano kuti ndimutukwane mtima ukhale pansi, koma sanali wotero, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Anati sankadziwa kuti mandawo akugwirabe ntchito, ankayesa ndi akalekale. Anafunsa ngati n'kotheka kusamutsa thupi, bungwe lilipira zonse.

"Kwathu kuno munthu sitifukula," anatero atsibweni. "Madzi akatayika saoleka."

Ine ndinapempha chinthu chapafupi. Ngati amayi sangasunthe, asunthe ndi waya, awazungulire, nawonso akhale m'kati ndi abale awo. Abwana anati amva, akakambirana ndi akuluakulu. Yankho linabwera patapita miyezi, kudzera mwa msuweni wanga: malire anayezedwa kale ndi a boma, ngodya imeneyo si ya bungwe, ndiye sangaikepo mpanda. Pozinga manda a eni ake malamulo sanavute, koma posuntha mizati iwiri malamulo anachuluka. Chimene anachita ndi kuboola kachipata kena koyang'ana kumudzi, kiyi wake n'kuupereka kwa ife. Pokatsegulira anaitana atolankhani, panali zakumwa ndi zolankhula zoyamikira ubale wabwino wa bungwe ndi anthu ozungulira. Ine sindinapite.

Manda a amayi ndinazinga ndekha ndi minga chifukwa cha mbuzi. Ndikabwera kumudzi ndimakazula udzu, n'kubwezeretsa miyala imene ng'ombe zagumula. Atsibweni sankapitako. Akamadutsa njira imeneyo ankayang'ana kumbali, ndipo ine ndi iwo tinkangopatsana moni basi.

Chaka chotsatira, mvula itangoyamba, atsibweni nawonso anamwalira. Mwamuna kwathu amaikidwa kwa amayi ake, choncho panalibe zokambirana. Kachipata katsopano kanatseguka popanda vuto, chilolezo cha mizu palibe anachitchula. Mng'ono wawo ndiye analoza malo, ndipo pansi pa muwanga panali patatsala malo amodzi okha abwino. Ine ndinali pagulu la amayi, ndikuimba nawo, pamene bokosi linadutsa pafupi ndi minga ya amayi n'kulowa m'kati. Atsibweni tinawaika pambali pa agogo, pamalo pa amayi.