Njuchi, abwana anga ndi batani la wailesi

Wina anena kuti ndikuthira mchere, koma Mulungu ndi mboni, izi zinandichitikira ine mwini zaka zingapo zapitazo, ndikugwira ntchito yosamalira maluwa ku Irene kuno ku Joni.

Abwana anga anali mzungu wokalamba, wokonda mawailesi olankhulirana kuposa chakudya. Ina inali m'nyumba, ina m'galimoto, ndipo iwo ndi anzawo a matenda omwewo anali ndi kalabu yomwe inaimika chipangizo pamwamba pa phiri, amati ripita, cholandira mawu ako n'kuwaponya kutali kuti aliyense wa wailesi amve. Ine ndinkangowaseka chamumtima, munthu foni ili m'thumba n'kumakuwa m'kabokosi ngati wapolisi?

Loweruka lina masana tinapita kukatenga manyowa pa famu ina kuchigwa, kunja kwa Pretoria. Eni ake anangotisiyira geti yotsegula, panalibe munthu. Nditasuntha mgolo wakale, eish, njuchi zinatuluka ngati utsi, zingapo n'kuwaluma abwana pakhosi. Posakhalitsa nkhope inatupa, maso anatsekeka, mpweya ukutuluka ngati likhweru, mpaka anagwa pambali pa galimoto. Foni yanga netiweki zii, yawonso chimodzimodzi, ndipo ine kuyendetsa galimoto sindidziwa.

Sindikubisirani, ndinaganiza zothawa. Mapepala anga anali atatha, ndiye Mmalawi wa ku Machinga apezeke kutchire ndi mtembo wa mzungu, ndani akanamva zoti ndi njuchi? Koma nkhalamba ija inandigwira mwendo wa thalauzi, ndipo manyazi anandigwira kuposa mantha.

Ndinalowa m'galimoto, n'kutenga cholankhulira cha wailesi, n'kukanikiza batani lake monga ndinkawaonera abwana, ndipo ndinayamba kukuwa. Chingerezi chitandithera ndinalowa Chichewa, kenako Chiyao, mpaka madua, mapemphero onse omwe ndinaphunzira ku madrasa. Yankho panalibe. Ndinayamba kuwatukwana a kalabuwo kuti tsiku lililonse amabwebweta za nyengo, lero munthu akufa ali kuti? Chala chili pabatani pompo, ndakanikiza ngati ndikupha nsabwe.

Kenako njuchi imodzi yotsalira inandiluma padzanja, ndipo ndinataya cholankhuliracho. Nthawi yomweyo m'wailesimo munatuluka mawu a mayi wina, odekha ngati akulankhula ndi mwana, akuti ndikalankhula ndizisiya batani kuti nawonso ndiwamve. Abale, ndinalira. Anati anali namwino asanapume pa ntchito, ndipo abwana anga amawadziwa, abwanawo amayenda ndi jekeseni yooneka ngati cholembera, ndifufuze m'kabokosi ka kutsogolo m'galimotomo. Nditaipeza anati ndiwabaye abwana pantchafu, pathalauzi pomwepo, osazengereza. Bambo wina analowererapo kundifunsa zomwe ndikuona, msewu womwe tinadzera, mtundu wa geti, thanki ya madzi, ndipo ndi amene anaitana ambulansi n'kuilondolera. Pa wailesi imeneyi salankhulapo munthu wopanda chilolezo, koma palibe anandifunsa kuti ndine yani.

Abwana anachira, ndipo atatuluka m'chipatala anandiuza chinthu chomwe sindiiwala mpaka lero. Akuti mayi uja anandimva kuyambira mawu anga oyamba, ndi kutukwana komwe, ndipo anali atagwira cholankhulira chawo kudikira kuti ndipume, pomwe ine ndinali nditatseka njira ndi phokoso langa, mpaka ripitayo inandidula yokha poti imatero ndi wolankhula mosalekeza, komabe chala chili pabatani sindikanawamva. Nkhope ya mayiwo sindinaionepo, koma ndimawatchula m'mapemphero anga pamodzi ndi amayi ondibala.

Chomwe ndimakhulupirira tsopano n'chakuti anthu abwino alipo m'dziko la eni lino, ndipo Mulungu amawatuma msanga kuposa momwe timaganizira. Koma inu anzanga, zikakuthinani, kuwani ndithu, kenako khalani chete mumve. Ine ndinatsala pang'ono kupha munthu ndi pakamwa panga, thandizo lili pakhomo.