Bokosi la Kuntchito

Ndinadzuka kusanache, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Amuna tinachezera panja pamoto, amayi a mpingo akuimba m'siwa mpaka mawu anawasasa. Nditaimirira ndinayang'ana msewu wochokera ku Biriwiri. Kunalibe nyali ya galimoto.

Tinkadikira bokosi. Bambo anga anali wophika pasukulu ina ya sekondale ya boma kuyambira ndisanabadwe. Ankakonda kuuza amayi kuti wantchito wa boma akamwalira, boma limatumiza bokosi, galimoto ndi munthu wodzalankhula. Koma zaka zapitazo khitchini ya sukuluyo inaperekedwa kwa kampani imene inapambana tenda. Bambo anapitiriza kuphika pamalo omwewo. Chinasintha ndi yunifolomu, ya khaki kukhala ya buluu, ndipo kunyumba sitinaganizepo zambiri.

Dzulo lake malume anali ataimbira ahedi a sukuluyo. Iwo anapepesa kwambiri, nati ophika salinso m'manja mwawo. Akampani anangoti aona.

Kutayera, adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Azimayi anakoleza moto kuseri kwa nyumba, koma nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi unangokwawa pansi. Anthu anayamba kutsika m'mapiri, ena ndi ufa m'mabeseni, ena ndi kabichi ndi mbatatesi. Aliyense akapepesa ankasuzumira m'nyumba, n'kuona kuti bambo akadali pamphasa. Sankafunsa, koma ndinkawaona.

Popeza ndine woyamba kubadwa, malume anandipatsa foni kuti ndizikwera pachulu, pamene pamagwira netiweki. Ndinakwera ndi kutsika mpaka mapazi anadzaza matope. Ndinkakonzeratu mawu aulemu mumtima, koma foni inkangoitana. Itayankhidwa, bambo wa kukampani anati bwana ali ku Blantyre, ndiponso za maliro sizinalembedwe m'mgwirizano wawo ndi boma. Ndinawathokoza. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinathokozera.

Mitambo inali itada cha kumalire. Mkulu wa adzukulu anabwera kudzanena kuti mvula ikagwa, manda adzaza madzi ndipo dothi ligumuka. Kalipentala wa m'mudzi mwathu anali atakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuyambira m'mawa, matabwa ali pambali, akudikira mawu okha. Koma amayi anali atakana. Anati mwamuna wawo sanaphikire boma moyo wake wonse kuti apite m'matabwa okhoma mothamanga.

Malume anati ndikawauze ndine. Ndinalowa m'siwa, n'kugwada pafupi nawo. Azimayi anasiya nyimbo.

"Amayi, sabwera," ndinatero. "Akuti bambo sanali awo."

"Nanga anali a yani?"

Anayang'ana bambo nthawi yaitali, kenaka anati kalipentalayo ayambe. Anandituma ndikatulutse m'sutikesi yunifolomu yakale ya khaki ija, yoti tiwaveke bambo.

Nyundo itayamba kulira, kunatulukira amuna awiri ovala buluu, atanyowa thukuta. Anali ophika anzawo a bambo. Anatsika minibasi pamsewu waukulu n'kuyenda pansi. Anati enawo atsala chifukwa ana asukulu ayenera kudya. Mmodzi anavula malaya n'kugwirira matabwa.

Mwambo unayamba mphepo ikuwomba kale. Analankhula a kubanja, analankhula a mudzi. Woyendetsa mwambo anaitana a kuntchito, monga zimakhalira pamaliro a munthu wolembedwa ntchito. Palibe anaimirira. Ndinaweramitsa mutu. Kenaka wamkulu mwa ophika aja anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Ine sindinatumidwe ndi aliyense," anatero. "Koma ndinagwira nawo ntchito. Ana sanagonepo ndi njala chifukwa cha iwowa."

Anakhala pansi. Amayi analira mokweza kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

Tinanyamuka mofulumira. Bokosi linkanunkhira paini wongopala kumene, ndipo linkadutsa m'manja ndi m'manja m'kanjira ka pakati pa minda ya chimanga. Madontho oyamba anatipeza tikutsitsa. Abusa anafupikitsa pemphero, adzukulu anakwirira mvula ikuwamenya kumsana, ndipo nkhata tinaika tikunjenjemera. Anthu ambiri anabalalikira komweko.

Madzulo nyumba inali chete. Mabenchi a kutchalitchi anali atabwezedwa, pabwalo patatsala phulusa lonyowa ndi tizidutswa ta matabwa. Ndinapita pachulu kuti ndiuze achibale akutali kuti taika maliro bwino, ndipo foni inalira ndisanaimbe. Anali bambo wa kukampani uja. Anapepesa za maliro, kenaka anafunsa ngati tingatumize yunifolomu ya buluu ndi magambutsi, chifukwa Lolemba akuyamba munthu wina.

Ndinakawauza amayi monga ndinamvera. Anali atakhala pakhomo, akuyang'ana madzi akudontha kudenga.

"Zili pamsomali apo," anatero. "Uwauze adzatenge okha. Njira afunse."