Makwinya a Eveles

Eveles anabadwira ku Chipoka, m'banja logula ndi kuyanika usipa, ndipo dzuwa la ku Salima linayamba kumujambula pamphumi asanathe n'komwe msinkhu. Mwana wokulira pa thandala, poyanikira nsomba paja, amakhalira kukwinya nkhope tsiku lonse chifukwa mchenga umathobwa m'maso. Anakwatiwa ndi George, msodzi, koma mwamunayo anamwalira ana akadali aang'ono. Eveles sanakhale pansi kudikira achibale. Anamanga chitenje n'kupita ku Senga Bay, komwe anapeza ntchito yotsuka mbale pa loji ina.

Kukhitchini sanachedweko. Eni loji ataona mmene amalankhulira ndi anthu anamuika mochereza alendo m'chipinda chodyera, ndipo patapita zaka anakhala mkulu wa operekera zakudya. Ankadziwa mlendo amene sadya tsabola, amene amafuna chambo chowotcha osati chokazinga, ndi amene wabwera ndi mkazi wosakhala wake, woti usamufunse za kunyumba. Ntchito imeneyi ndiyo inalera ana ake, ndipo wotsiriza anali adakali ku sekondale.

Kenako kunabwera manijala watsopano, Kelvin, wochokera ku Lilongwe, wamsinkhu umodzi ndi mwana woyamba wa Eveles. Tsiku lina anaitanitsa msonkhano wa antchito.

"Kutsogolo kuno tikufuna nkhope zowala," anatero, "zoti mlendo akalowa adziwe kuti wafika pamalo amakono. Ena tiwapezera chochita kumbuyo mwezi uno ukatha."

Sanatchule dzina, koma atsikana onse anayang'ana pansi. Kumbuyo kumene ankanenako n'kochapira nsalu za pabedi, ndipo kumeneko ntchito ndi yaganyu: alendo akachepa nthawi yamvula amangokuuza kuti ukapume kaye. Taonani chipongwe chake! Munthu sanagwetsepo mbale, sanatukwanepo mlendo, mlandu wake n'ngwakuti wakhalitsa padziko.

Sabata yomweyo mayi wina wamalonda, amene ankabwera kawirikawiri pa lojipo, anamupeza Eveles nkhope ili khuma. Mayiyu anali wamkulu ndithu, koma pamphumi pake panali see, osagwedezeka ngakhale akuseka. Atamva nkhaniyo anamunong'oneza kuti iye amabayitsa jakisoni wochotsa makwinya.

"Inunso kabayitseni, mayi, bwana wanuyo asowa chonena."

Eveles anathokoza mwaulemu, koma m'mtima anapsa. Jakisoni amabaya wodwala. Iye akudwala chiyani? Zoti munthu wa mpingo, mayi wa ana akuluakulu, akapereke chipumi kwa singano chifukwa cha kamnyamata kodzola perefyumu, anakana kwamtuwagalu.

Amene anabwera ndi njira ina anali Lena, mwana wa mlongo wake, yemwe amagwira ntchito mu saluni pa Salima boma. Anatulutsa m'chikwama kabotolo kotalika ngati chala, kokhala ndi kodonthezera pachivindikiro.

"Azakhali, iyi ndi seramu, mafuta a anthu osafuna jakisoni. Timadontho tiwiri, pogona basi. M'mawa muzisamba kumaso, ndipo dzuwa muzilipewa. Komanso musathamange magazi, imatenga miyezi."

"Pogona?" anadabwa Eveles. "Ndizidzolera pilo?"

"Ndi mmene imagwirira ntchito, azakhali."

Eveles anangoti chabwino, koma sanamve. Kwawo mafuta amadzola m'mawa ukasamba, ndipo umapaka okwanira mpaka nkhope ichite kung'anima, kuti anthu panjira asanene kuti watuwa. Amayi ake anamulera choncho, iyenso analera ana ake choncho. Timadontho tiwiri anaona kuti n'kuumira chabe kwa ana amasiku ano. Nanga zopewa dzuwa ku Salima, mwezi wa Okutobala, munthu angalipewere kuti? Ndipo miyezi imene Lena ankanenayo iye analibe, chifukwa mwezi unali utagawanika kale.

Choncho m'mawa uliwonse ankathira seramu yodzaza pachikhatho, n'kupaka pamphumi, m'masaya mpaka m'khosi, kenako ulendo wapansi kupita kuntchito dzuwa likumuwomba. Masana ankaperekeranso zakudya panja, kwa alendo okhala pamchenga. Nkhope itayamba kunyerenyetsa anasangalala, poganiza kuti mankhwala afika pamene pali vuto, ndiye anawonjezera. Posakhalitsa zikope zinatupa, masaya anachita kupsa, khungu n'kuyamba kusupuka ngati la mbatata yophika. Thukuta likadutsapo ankachita kuluma mano, komabe mbale m'manja, kumwetulira osaleka.

Kelvin anakumana naye pakhomo la khitchini ndipo anabwerera m'mbuyo.

"Mayi, chachitika n'chiyani? Ayi, alendo asakuoneni choncho. Kathandizeni kochapa kaye mpaka mutapola."

Lena atamva anakwera kabaza kubwera kunyumba. Ataona kabotolo katatsala pang'ono kutha anagwira pakamwa.

"Azakhali, ndinati timadontho tiwiri! Mwadziwotcha nokha!"

"Ndadziwotcha ndekha, inde," anayankha Eveles. "Koma amene anandituma kukafuna nkhope ina, ngati kuti iyi ndinabwereka, iyeyo sukumukalipira bwanji?"

Lena anatenga kabotoloko n'kumusiyira mafuta wamba oziziritsa khungu ndi chipewa chachikulu.

Ena pa lojipo ankaseka mseri, amati gogo wafuna utsikana. Zimenezi n'zimene zimanyansa. Eveles sanafunepo utsikana, anali atauona kale ndipo sunamupatse kanthu koposa usipa ndi maliro. Ankafuna kuti mwana wake amalize sukulu. Koma anthu ndi otero, kuseka wopsa n'kosavuta kusiyana ndi kufunsa bwana funso.

Kochapa anagwira ntchito mosadandaula, akudziuza kuti n'zamasiku ochepa. Khungu linapola pang'onopang'ono. Makwinya onse analipo, palibe ndi limodzi lomwe limene linasamuka, koma nkhope inali yabwinobwino, yoti munthu angaime nayo pamaso pa mlendo aliyense. Anasita yunifolomu yake yakutsogolo, nasamba, nadzola mafuta ake akale, n'kukagogoda ku ofesi ya manijala.

Kelvin anali pa foni, chala chikuyenda pagalasi, makina oziziritsa chipinda akulira.

"Bwana, ndapola. Ndabwera kuti ndibwerere kuntchito kwanga."

"Ndani? Oo, mayi Eveles," anatero maso ali pa foni pomwepo. "Nkhani yakutsogolo ija musavutike nayo. Tinagwirizana kale ndi eni loji, msonkhano uja usanachitike n'komwe. Malo anu tinapatsa wina. Kochapa akuti mukuchita bwino kwambiri."

Ndiye kuti masiku onse aja ankapirira moto kumaso, nkhani inali itatha kale. Eveles anaima pomwepo, manja kumbuyo, kudikira kuti mwina mnyamatayo adzutse mutu, aone kuti nkhope imene ankaiweruzayo yapola. Anakwiya kwambiri moti akanatsegula pakamwa ngakhale ganyu yochapayo ikanathera pomwepo, ndipo mwana anali asanalembe mayeso.

"Pali china, mayi?" anafunsa Kelvin, osadzutsabe mutu.

"Palibe, bwana."

"Potuluka mutseke chitseko, mphepo yozizira ikutuluka."

Eveles anatseka chitseko mosamala, n'kukavula yunifolomu.