Mpando Umene Atate Anapangira Apongozi Awo

Ndikukumbukira chaka chimene atate anatsala pang'ono kuchotsedwa pamudzi pathu, kunsi kwa phiri la Chongoni, nkhondo ya Ajeremani isanayambe. Ndinali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza kamtsuko.

Atate anali mkamwini, ndiponso mkamwini wa mtundu wachilendo. Anaphunzira za matabwa kumishoni ku Bembeke, ndipo kunena zoona khasu silinkawakhala m'manja. Mizere yawo inkakhota ngati njira ya mbuzi. Agogo, amayi awo a amayi anga, ankadandaula poyera kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wongopala mitengo. Chisanu chitayamba, tinamva kuti agogo aitanitsa amalume, mlongo wawo wa amayi, kuchokera ku Linthipe kuti adzathetse ukwatiwo. Ine ndinkadziwa tanthauzo lake: mkamwini akapita, ana amatsala. Ndinkachita mantha kwambiri.

Nthawi imeneyo agogo ankadwala nyonga. Kukhala pansi ankakhala, koma kudzuka inali nkhondo. Ankadzikhwekhwereza mpaka pansanamira ya khonde, n'kuigwira, n'kudzikoka uku akubuula. Atate ankaona zimenezi ali patali, chifukwa mwambo sunkalola mkamwini kuyandikira apongozi ake aakazi, ngakhale kuwayang'ana kumaso. Anaganiza zowapangira mpando wokhala ndi mikono yoti azigwira podzuka.

Koma mpando umafuna muyezo. Anandipatsa luzi kuti ndikayeze agogo kuyambira pachidendene kufika pabondo. Kumishoni anazolowera kuyeza chilichonse, mpaka anaiwala kuti kwathu munthu amayezedwa kamodzi kokha, akamwalira, kuti okumba manda adziwe kutalika kwake. Nditangogwada ndi luzi lija, agogo anapinda mwendo.

"Wakutuma ndani?"

"Atate."

"Kawauze kuti sindinafe. Ayambe adikira."

Amayi analira tsiku limenelo, ndipo ine ndinaona kuti basi zathera pomwepo. Atate sanadziwiringule. Anakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali, kenaka anandiitana.

"Mwanawe, agogo akapita kukaothera dzuwa, ukayang'ane nsanamira ija. Pamene amagwira pakhala posiyana ndi pena."

Ndinapitadi, ndipo ndinapeza malo osalala, akuda ndi thukuta la dzanja. Ndinayeza mtengo m'malo mwa munthu. Kutalika kwa miyendo ya mpando atate anakutengera pamtondo wakale wogonekedwa pansi, umene agogo ankakonda kukhalapo.

Tsiku lolumikiza mpandowo sindidzaliiwala. Miyendo inayi ya mlombwa atate anali ataipachika kudenga, pamwamba pa moto, kuti nsonga zake ziume gwa. Anandiuza kuti ikalowa m'mabowo ili youma choncho, chinyontho cha kwathu kuno chidzaitupitsa ndipo siidzatulukanso. Misomali analibe, komanso sankaifuna. Mwendo uliwonse ankaulowetsa pang'ono, n'kuutulutsa, n'kuyang'ana pamene wakhulika, n'kupalapo ndi mpeni kachidutswa kopyapyala ngati khoko la chimanga. Akakhutira ankaumenya ndi chibonga, khutu lili tcheru, mpaka kulira kwa mtengo kutasintha n'kukhala kolemera. Ine ndinkagwirizira thabwa lokhalapo, ndipo kugunda kulikonse kunkandifika m'mano.

Mikono anaika pomaliza. Wakumanzere anausiya wonenepa n'kuukhomera zikhomo ziwiri, poti nyonga yodwala inali yakumanja ndipo thupi lonse linkatsamira kumanzere. Zimenezo palibe anawauza. Atamaliza anagwira mikono yonse iwiri, n'kudzinyamula mapazi m'mwamba, munthu wamkulu ndithu, kuti aone ngati pena palira. Sipanalire.

Mpandowo tinaunyamula ine ndi amayi, n'kukauika pakhonde pa agogo. Unali waufupi, woti mkazi akhalepo popanda anthu kunena kuti akudzikweza pamaso pa amuna. Unakhala pamenepo masiku angapo nkhuku zikuukwera, ine mtima uli m'mwamba. Kenaka m'mawa wina wa nkhungu ndinapeza agogo atakhalapo. Sanandione. Anagwira mikono ija, anadzikankha, n'kuimirira okha osabuula. Anakhalanso, n'kuimiriranso.

Amalume atafika, abale anasonkhana pabwalo, atate ali chapatali mutu uli pansi. Agogo anayankhula ali pampando.

"Wadzivutitsa ndi ulendo, mwana wanga. Pano palibe mlandu."

Kenaka anatembenukira kwa ine, n'kukweza mawu dala kuti akafike kumene ankafuna.

"Iwe, kawauze atate ako kuti chaka chino mizere aunde ena. Iwo aone chitseko changa, chikulowetsa mphepo."

Atate ndi agogo sanayang'anane kumaso mpaka imfa inawalekanitsa. Lero nanenso ndakalamba, ndipo podzuka ndimayamba ndafufuza pogwira. Ndi tsopano pamene ndikumvetsa kukula kwa mtima wa atate. Tonse amene tinkadya ndi agogo mbale imodzi tinkangomva kubuula kwawo n'kupitiriza zathu. Amene anadziwa mbali imene inkawapweteka anali munthu yekhayo amene sankaloledwa kuwayandikira.