Injini ya Alamu Anga

Alamu anga atagonekedwa m'chipatala ku Joondalup, anandipempha kuti ndidzutse galimoto yawo yakalekale ya masilinda eyiti, yomwe inkangochita dzimbiri m'galaja. Tinkati tidzaikonza pang'onopang'ono ndi zipangizo zakaunjika, koma matenda sanatidikire.

Nditaphwasula injini, ndinapeza buloko, thupi lenileni la injiniyo, itang'aluka. Ndinazungulira konse kogulitsa magalimoto akufa mpaka ku Kwinana, osapeza ina. Ndinakhala pansi m'galajamo, manja ali bii ndi oilo, misozi ili chuchuchu.

"Yalira kodi?" anandifunsa alamu anga nditakawaona Lamlungu lotsatira, mawu akutuluka movutikira.

"Buloko ndi yong'aluka, alamu."

Anatsinzina kwa kanthawi. "Chonde, galimotoyo musakaigulitse kwa ogula zitsulo."

Anamwalira mwezi womwewo. Mpaka lero, ndikangobwera kuchokera kumgodi komwe ndimagwira ntchito, ndimayambira kufunsa za buloko.