Kawaya ka m'thumba la asibweni

Pa chuma chonse cha masiye chimene amayi anasiya, ine ndinatenga kanthu kamodzi, ndipo palibe wachibale amene analimbana nane. Ndi karezisita, kachipangizo ka m'wayilesi, kabulauni, kakafupi ngati chala cha khanda, kokulungidwa ndi waya wamkuwa. Ndimakasunga m'kabotolo ka mafuta odzola. Akazi anga amakatcha digiri yanga, popeza ina ija ndinaisiya ku koleji isanapse.

Poyamba kanali ka asibweni, monga timatchulira amalume kwathu ku Mzimba. Chaka china ndili mwana, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, amayi ananditenga ku Edingeni, kumudzi kwa abambo, n'kukakhala nane kwa mlongo wawoyo pa boma. Abambo anali ku Joni, ndipo anali atasiya kumveka. Mawu akuti mtchona anthu ankadikira kuti ndituluke kaye asanawatchule, koma makoma a kwathu sasunga mawu. Amayi anali atatopa kukhala mkazi wa munthu wosaoneka. Vuto linali ine. Kwathu ng'ombe za malowolo zikalowa m'khola, mwana ndi wa kuchimuna. Abambo aang'ono anatumiza uthenga woti mvula isanagwe adzanditenga, pokhapokha mwini mwana atanena yekha, ndi pakamwa pake, kuti ndikhale ndi amayi.

Asibweni anagwirapo ntchito ya mawayilesi ku migodi ya ku Zambia, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosapola komanso wayilesi yoyankhulira. Anali ndi chilolezo chake, mlongoti wa bulugamu, ndi waya wotalika mpaka mu mtengo wa mango. Masana ankacheza ndi anthu a kumayiko akutali amene sanawaonepo, ndipo nkhani zake zinali za nyengo ndi za mawaya basi. Mmodzi mwa iwo, mkulu wina wa ku Joni, anafufuza kumene anthu a ku Mzimba ankakhala, n'kuwapeza abambo. Analonjeza kuti Lamlungu lina masana adzabwera nawo pa wayilesi yake.

Ife Joni tinkamumva bwino. Koma Joni ankatimva ngati udzudzu wa m'chipinda china. Kuti mawu athu afike ndi mphamvu, pankafunika ampulifaya, ndipo asibweni anadzipangira yawo ndi mavalavu awiri agalasi, aakulu ngati mabotolo a mankhwala a chifuwa.

Chinthucho chinali ndi khalidwe loipa. Akangochiyatsa, munthu asanayankhule n'komwe, kamuvi ka mita kankathamangira kumapeto, mkati mwa mavalavu munkafiira ngati makala, ndipo wayilesi iliyonse ya pafupi inkaimba mluzu wolasa m'mano.

"Chikujipulika chekha," ankatero asibweni. Chikudzimva chokha. Mawu otuluka ankabwerera polowera, icho n'kuwakuza, n'kuwamvanso, n'kuwakuzanso, mpaka kuiwala kuti kunja kuli anthu. Ndakumana ndi mabwana angapo a mtundu umenewu, koma woyamba anali wagalasi.

Wovutika kwambiri anali aphunzitsi anga, amene nyumba yawo inayandikana ndi yathu. Mluzu uja unkawapeza ali pakati pomvera mpira. Ankabwera pa mpanda, wayilesi ili m'khwapa, n'kunena mwaulemu wa munthu amene wapirira mokwana: "Ndapota, aneba, mbalame yanuyo igoneko mpaka athe kusewera." M'kalasi masamu onse ovuta ankagwera ine. Sindikunena kuti zinthu ziwirizi zinali pa ubale.

Nyengo yonse yozizira inathera pa kusaka mluzu. Ndikukumbukira mphepo ya mwera ikulowa pansi pa chitseko, fungo la mtovu wosungunuka losakanikirana ndi la fumbi lopserera, ndi kutentha kwa mavalavu kumaso kwanga pamene miyendo ikuzizidwa. Asibweni anafupikitsa mawaya onse mpaka m'bokosimo munaoneka mometedwa. Anadula chitini cha mafuta ophikira n'kuimika chipupa pakati pa polowera ndi potulukira mawu. Mluzu unangosintha nyimbo. Anali ndi lamulo limodzi: bokosi likayaka, dzanja limodzi m'thumba, kuti magetsi akakugwira asadutse pamtima. Lamulo limenelo ndimalisungabe, ngakhale posintha babu, ndipo anthu amaganiza kuti ndine wonyada.

Ine ndinali ndi ntchito yanga, yaikulu kuposa yawo. Ndinkapita kuseri kwa bafa kukayeseza zodzanena. Ndinkayamba ndi moni wa Chitumbuka, kenako Chizungu pang'ono kuti abambo adziwe kuti sukulu ikuyenda, n'kumaliza ndi pempho: adada, muwauze kuti ndikhale ndi amama. Ndinkasintha mawu tsiku lililonse, koma mapeto ake sindinawakhudzepo.

Kenako asibweni anamangirira kababu kakang'ono kunsonga ya bango, n'kumakayendetsa m'bokosimo osakhudza kanthu, ngati munthu wofufuza mfiti. Katafika pafupi ndi chipewa cha valavu, kanayaka kokha, mtundu wa maluwa a jakaranda. Anagwedeza mutu ngati akumana ndi mdani wakale. Madzulo ake anakhala pakhonde n'kukulunga waya pa tirezisita tiwiri, amayi akuwayang'ana uku akusenda mtedza. Anatiwotcherera ndi mtovu, kamodzi pamutu pa valavu iliyonse.

Loweruka anayatsa. Kamuvi kanaima chilili. M'nyumba munali zii, moti ndinamva nkhuku ikupalasa panja. Aphunzitsi anabwera pa mpanda kudzafunsa ngati asibweni akudwala.

Masana omwewo asibweni anavala mahedifoni n'kuitana Joni. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka. "Akutimva," anandinong'oneza, ine n'kuthamanga kuzungulira nyumba. Nditabwerera anali akumvetserabe, osaseka, chala chikusisita m'mphepete mwa tebulo. Anamvetsera nthawi yaitali. Atavula mahedifoni anandiuza kuti mawa abambo abwera pa wayilesi, n'kundituma ku msika kukagula tomato, ngakhale kuti tomato analimo m'nyumba.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, amayi anandipakanso mafuta mpaka ndinanyezimira ngati mbale yatsopano. Ndinawakumbutsa kuti pa wayilesi munthu saoneka, koma anati abambo adziwa. Iwo anakhala pa mkeka pafupi ndi chitseko, ine pa mpando weniweni wa asibweni. Asibweni anayatsa. Kamuvi kanathamanga, mavalavu anafiira, ndipo mluzu unalira kuposa masiku onse. Ndinanenabe mawu anga onse, mpaka kumapeto, mokuwa. Asibweni anadikira kuti ndimalize, kenako anazimitsa.

"Chatikana, mphwanga," anatero. "Adada ako adikira kumeneko, mbwenu chinthuchi chatikana."

Mawa lake amayi akuchapa, anapeza kanthu kabulauni kokulungidwa ndi waya m'thumba la malaya a asibweni. Ndinali pomwepo, ndikuwathirira madzi. Anakayang'ana m'dzanja lawo la thovu kwa nthawi, kenako anakamanga kunsonga ya chitenje, n'kupitiriza kuchapa. Ampulifaya ija sinayatsidwenso.

Mvula isanagwe, abambo aang'ono anabwera ndi njinga. Ndinakulira ku Edingeni, ndikuonana ndi amayi pa maliro ndi pa tchuthi. Koma ndinali ndi chinthu chimene ana ena a atchona analibe. Bambo wanga anabwera. Anavala jekete, anakhala pa wayilesi ya eni ake ku Joni, n'kumaitana dzina langa mpaka dzuwa kupendeka. Wolakwa anali bokosi. Nkhani imeneyi ndinaifotokoza kubusa, kudambo ndi kusukulu, ndipo inandifunditsa zaka zambiri.

Ndili ku koleji ya zamagetsi, mphunzitsi wina anajambula kanthu kaja pa bolodi, n'kufotokoza kuti ntchito yake ndi kupha mluzu wotere. Ndinakweza dzanja kufunsa ngati kangathe kugwa kokha. Anati kowotcherera ndi mtovu sikagwa, amachita kukachotsa, n'kulumikiza waya wamba pamalo pake. Zotsalazo, zimene asibweni anamva m'mahedifoni Loweruka lija, anandiuza azakhali anga a ku Edingeni: abambo anali ndi banja lina kumeneko, ndipo anamuuza mkulu wa ku Joni uja kuti sabwera pa wayilesi ya munthu, za mwana aone abale awo. Ndinaona kuti ndaphunzira zokwanira, ndipo koleji nayo sinandikakamize.

Asibweni anali atamwalira kale, kotero sindinathe kuwafunsa. Chimene chimandibwererabe ndi m'mawa umene ndinkachoka. Katundu wanga ali pa kaliyala, amayi analowa m'nyumba kumene mlongo wawo anakhala chogwira mawondo, n'kugwada pambali pawo. Ndinasuzumira pa zenera, ndikuyembekeza kuti tsopano awakalipira. Anawagwira dzanja.

"Yewo chomene, adumbu," anatero, motsitsa.

Njira yonse ya ku Edingeni, nditagwira malaya a abambo aang'ono, ndinkadzifunsa kuti amayi akuthokoza chiyani kwa munthu amene walephera kukonza bokosi lake lomwe.